Chaka Chimene Tinapereka Zitseko

Dziko lathu masiku ano limatchedwa Pambalambanda. Kale linkatchedwa Kwatsekeka, koma dzina limenelo linachotsedwa pamodzi ndi zitseko, ndipo amene akulikumbukabe amalitchula chamumtima. Mlendo akafika kuno amadabwa kuona nyumba zonse zili kukamwa yasa, ngati tiana ta mbalame todikira chakudya. Akafunsa, timamuuza monyada kuti kuno kulibe wakuba, kulibe wolemera, kulibe ndewu. Sitinama ayi. Bodza tinalisiya kalekale, osati chifukwa chokonda chilungamo, koma poti palibenso pobisala kuti munthu ulikonze bwino.

Wina asaganize kuti kale tinali angelo. Tinali anthu a kaduka. Mnzako akagula wailesi, mutu unkakupweteka mpaka mabatire ake atatha. Mbuzi zinkasowa dzuwa likuswa mtengo. Pabwalo la milandu pankadzaza kuposa kumunda, ndipo mlandu uliwonse unkathera pa funso limodzi lakuti, “Anaona ndani?” Panalibe woona, pakuti zonse zinkachitika chitseko chili chitsekere.

Mfumu yathu yaikulu, Mwinimthunzi Wachitatu, inali munthu wonenepa, wansangala, wokonda tulo ta masana. Milandu imeneyi inkaisokoneza tulo. Tsiku lina inaitanitsa nduna zake ku likulu la Khalanipansi n’kuzifunsa chimene chimayambanitsa anthu ake. Nduna ya Zaulimi inati ndi njala. Nduna ya Zachuma inati ndi Nduna ya Zaulimi. Kenako inaimirira Nduna ya Bata ndi Kufanana, a Mwandionera, munthu wowonda amene anakaphunzira kutsidya kwa nyanja n’kubwerako ndi magalasi ndi chimfine chosatha.

“Mfumu ya mafumu, mthunzi wosasuntha ngakhale dzuwa litapendeka!” anatero a Mwandionera. “Mdani wathu si njala. Mdani wathu ali ndi mahinjesi. Mbuzi yobedwa amaidyera kuti? Kuseri kwa chitseko. Mkazi amamenyedwera kuti? Kuseri kwa chitseko. Shuga amene mnzako walumbira kuti alibe amakhala kuti? Ndipo taonani zitseko zakezo: wina cha mlombwa, wina cha malata, wina cha bango, wina kachiguduli chabe. Munthu asanatsegule pakamwa, chitseko chake chanena kale kuti uyu ndi wapamwamba, uyu ndi wapansi. Chotsani zitseko, mfumu, ndipo anthu anu adzafanana ngati mazira a nkhuku imodzi.”

Mfumu, imene inali itayamba kusinza, inadzidzimuka. “Nanga za kuno kunyumba yachifumu?”

“Izo si zitseko, mfumu. Izo ndi zotchingira mphepo za boma.”

Nduna zonse zinaomba m’manja, ndipo Nduna ya Zaulimi inaomba koposa, poona kuti njala yapulumuka pa mlandu.

Lamulo analilengeza ndi ng’oma pamsika waukulu wa Tionenawo. Chitseko chilichonse chipite kunyumba yachifumu. Mawu akuti “odi” aletsedwa, pakuti munthu wonena odi ndiye kuti akuvomereza zoti mwini nyumba ali ndi mphamvu yokana. Ndipo kuti lamulo lisazizire, panakhazikitsidwa alonda a zipewa zofiira otchedwa Amaso a Mfumu. Ife tinaomba m’manja, amayi analuluta. Sikuti anatiopseza ndi mfuti. Aliyense poomba m’manjamo ankaganiza za chitseko cha mnzake.

M’mudzi mwathu mwa Kaonereni munali nkhalamba ina, a Lafuledi Kachitsa. Iwowa unyamata wawo anausiya ku migodi ya kunja, n’kubwerako ndi chifuwa ndi jekete limodzi. Anzawo a kumgodi anagula njinga ndi kukwatira mitala; iwo anagula matabwa a mlombwa.

Kwathu kuno, munthu wosauka akamwalira, achibale amazula chitseko cha nyumba yake n’kukhomera bokosi. A Kachitsa ali mnyamata anaona bambo awo akuikidwa m’mphasa yaifupi, mapazi ali panja, chifukwa chitseko chawo chinali cha bango. Analumbira kuti iwo sadzapita choncho. Ndiye atafika kwa kalipentala sanamupatse muyeso wa khomo ayi. Anagona chagada pamchenga, manja pachifuwa, n’kunena kuti, “Yeza ine.” Chitseko chinatuluka cha mbali ziwiri, chachitali, chochindikala, matabwa ake okwanira pansi, m’mbali ndi chivundikiro chomwe. Nyumba anaimanga pambuyo pake, mozungulira chitsekocho, ndipo inkaoneka ngati mwana wovala nsapato za bambo ake.

Zaka zonse ankachipaka mafuta a nsatsi, ndipo zaka zonse ankakangana za chitsekocho ndi akazi awo, Nangozo.

“Nanga ndikayamba ndine, mudzandiika m’chiyani?” ankafunsa Nangozo.

“Inu simungayambe, amayi. Anthu olongolola safa msanga.”

“Ndikhoza kufa dala kuti ndikukhaulitseni.”

“Anayeza ine. Inu mudzangogwedera m’menemo ngati mwala m’chitini.”

Tsiku limene Amaso anafika pa Kaonereni, a Kachitsa anaima pakhomo atavala jekete lawo lija.

“Ana inu, ichi si chitseko. Ili ndi bokosi langa, langoimirira podikira mwini wake.”

Mkulu wa Amaso anachiyang’ana kuyambira kumwamba mpaka pansi. “Limatseguka, agogo?”

“Limatseguka.”

“Limatsekeka?”

“Eya.”

“Ndiye ndi chitseko. Likadzagona pansi tidzalitcha bokosi.”

Chinali cholemera moti Amaso okha sakanatha kuchikweza pangolo. Anapempha amuna oti athandize, ndipo tinabwera ambiri kuposa amene ankafunika. Chitseko chimenecho chinatipweteka m’maso kwa zaka zambiri. Tsiku limenelo palibe phewa limene linamva kulemera.

Tsopano ndinene chinthu chimene chimandiwawa kuchinena: lamulo lija linagwira ntchito. Ndikanakonda kukuuzani kuti linalephera, monga amalepherera malamulo ena onse ochokera ku Khalanipansi, koma ayi. Kuba kunatha, poti wakuba analibe kokadyera. Mbava zotchuka zinayamba kulima, n’kumadandaula msana ngati anthu abwino. Pabwalo la milandu panamera udzu, ndipo mfumu inagona tulo take mpaka kunenepa khosi.

Kufanana nako kunabwera, ngakhale kunalowera chakumunsi. Munthu akagula nyama, mudzi wonse unkadutsa pakhomo pake kudzafunsa njira ya kuchitsime chimene tinakumba tokha. Posakhalitsa anthu anasiya kugula nyama. Amene anali ndi bulangeti lachiwiri anayamba kulifunda pansi pa loyamba, mpaka anatopa n’kuligulitsa. Tonse tinagwera pa bonongwe, ndipo a Mwandionera analengeza pawailesi kuti kusiyana kwa olemera ndi osauka kwatheratu. Ana obadwa nawo anachepa, pa zifukwa zimene akuluakulu akuzidziwa, ndipo nduna inati kumeneko ndiko kulera kwaulere. Ngakhale mwambi uja woti wamva m’mimba ndiye atsekula chitseko anaukonza. Ana a sukulu tsopano amaloweza kuti wamva m’mimba angotuluka.

A Kachitsa ankagulitsa fodya wa chingambwe pamsika wa Tionenawo. Pambali pawo pankakhala Esitere, mayi wa m’mudzi mwathu momwemo, wogulitsa matimati. Mwamuna wake, Jolamu, anali munthu wa dzanja lopepuka, ndipo kale Esitere ankabwera kumsika atatsitsa duku mpaka kuphimba diso limodzi. Chaka chimenecho duku linakwera, nkhope inasalala.

“Agogo, mukutsokomolatu ngati matola okwera chitunda,” anatero Esitere tsiku lina. “Mwamwa mankhwala?”

“Mankhwala anga ali kunyumba yachifumu, mwanawe. Ali ndi mahinjesi.”

“Mwayambanso za chitseko chanu chija.”

“Nanga ndisiye? Ngakhale nkhuku ikafuna kuikira imafuna pobisika. Ife tachepa kuposa nkhuku?”

Esitere anasiya kuunjika matimati n’kuwatembenukira. “Agogo, tandiyang’anani kumaso. Mwaonapo chotupa chaka chino?”

“Sindinaone.”

“Chitseko chathu chinali cha malata. Bambo a Doviko akachitseka, mudzi wonse unkamva malata akulira, ndipo nonse munkati ndi mphepo. Inunso agogo munkati ndi mphepo. Lero akati akweze dzanja amapeza maso a anthu pakhomo, ndiye amangoyamba kukanda m’mutu. Akanda mpaka dazi latuluka. Ine za chitseko musandiuze. Ufulu mukuulirirawo unali wa amene wagwira mpiringidzo.”

A Kachitsa anapotokola fodya m’manja. “Wanena zoona, mwana wanga. Ndinkati ndi mphepo.” Anatsokomola, n’kupukuta pakamwa. “Koma tandiuza. Masiku ano ukafuna kulira wekha, umalirira kuti?”

“M’munda wa chimanga, chikatalika.”

“Nanga chikakololedwa?”

“Ndimadikira dzinja.”

Pomwepo panadutsa wa chipewa chofiira, ndipo onse awiri anayamba kuyamikira kukula kwa matimati a chaka chimenecho.

Chifuwa cha a Kachitsa chinkakulirakulira. Mphepo inkalowa m’nyumba mwawo ngati mwini wake, pakuti khomo la chitseko chachikulu ndi lalikulunso. Iwo imfa sankaiopa. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali mapazi a bambo awo aja. Chiyambire lamulo, aliyense womwalira pa Kaonereni ankapita m’mphasa, poti panalibe chozula. Ndiye chimanga chitauma m’minda, anasasa jekete lija, natenga Nangozo, ulendo wa ku Khalanipansi.

Kumeneko anaona kumene zitseko zathu zinathera. Za bango zinali mulu kuseri kwa mpanda, chiswe chikuchita phwando. Za malata zinafolera makola a nkhumba za nduna. Zabwinozabwino zinapeza ntchito m’boma. A Kachitsa akuyenda m’khonde la nyumba yachifumu anamva fungo la nsatsi, ndipo atatembenuka anachiona: chinali pakhomo la chipinda chopumuliramo a Mwandionera. Anachisisita ngati munthu wopeza ng’ombe yake m’khola la eni, mpaka mlonda anawakoka jekete.

Pamaso pa mfumu a Kachitsa ndi Nangozo anagwada naomba m’manja mwaulemu.

“Mfumu, ine sindinabwere kudzatsutsa lamulo. Lamulo ndi labwino, landichiritsa matenda okonda tulo. Ndabwera kudzapempha bokosi langa. Chifuwachi chandiuza kuti chisanu chikubwerachi sindichimaliza.”

A Mwandionera anaimirira msanga, akupukuta mphuno. “Mfumu, mukabweza chimodzi mwabweza zonse. Munthu uyu akufuna kukhala wapamwamba ngakhale pansi pa nthaka. Mphasa yalakwa chiyani? Mphasa sisankha munthu. Mphasa ndiye chithunzi chenicheni cha kufanana.”

“Zoona, bwana, mphasa sisankha,” anatero Nangozo ali chigwadire. “Nanga inu chotchingira mphepo chija chikukusungani bwino? Chimfine chachepako? Muzichipaka nsatsi, chimakonda nsatsi.”

Mfumu inaseka mpaka mpando unalira. Mwinimthunzi anali ndi khalidwe limodzi loopsa: ankakonda kuoneka womvera anthu.

“Ine sindilamula anthu anga,” inatero mfumu. “Ine ndimangomva zofuna zawo. Nkhani ya zitsekoyi tikafunse eni ake.”

Ng’oma inaliranso, ndipo dziko lonse linasonkhana pamsika wa Tionenawo. Mfumu inakwera pangolo mothandizidwa ndi amuna amphamvu, a Kachitsa ndi Nangozo atakhala patsogolo pa mkeka.

“Anthu anga,” inatero mfumu, “amene akufuna kuti chitseko chake chibwerere, akweze dzanja.”

Manja anakwera ngati mapesi. Ena anakweza onse awiri. Mayi wina anakweza ndi dzanja la khanda lake lomwe. Ngakhale Amaso a Mfumu, atayang’ana uku ndi uku, anakweza awo. Esitere yekha ndiye anapinda manja pachifuwa, maso ali pa Jolamu amene anali ataimirira pa zala kuti dzanja lake lioneke. A Mwandionera magalasi awo anachita nkhungu. Ife tinayamba kumva kukoma. Tinkaganiza kuti tagwetsa boma ndi makhwapa.

Mfumu sinatekeseke. “Tsitsani, tsitsani, ndaona. Tsopano funso lachiwiri. Amene akufuna kuti mnansi wake, uyo wa nyumba yoyang’anana nayo, alandire chitseko chake, akweze dzanja.”

Pamsika panagwa bata loti ntchentche za pansomba zinkamveka. Aliyense anatembenuka kuyang’ana mnansi wake, n’kupeza mnansiyo akumuyang’ana kale. Uyu akatseka, nyama azidya yekha. Uyo akatseka, mbuzi zanga ziyambanso kusowa. Winayu akatseka, ndidzadziwa bwanji amene wabwera kudzacheza kwa mwana wake wamkazi? Tinali titazolowera kudziwa, ndipo munthu amene wazolowera kudziwa ndiwo za mnzake sangabwererenso ku umbuli.

Dzanja limodzi lokha linakwera, la m’mkono wa jekete lakale lija. La Nangozo linanyamuka mpaka paphewa, koma atakumbukira mayi wa nyumba yoyang’anana nayo, linangopitirira kukakonza duku.

“Mwaona?” inatero mfumu, ikumwetulira ngati bambo wonyadira ana ake. “Chitseko chilichonse ndi cha mnansi wa wina. Anthu akana. Ndine yani ine kuti nditsutsane ndi anthu?”

Amayi analuluta. Tinaomba m’manja chifukwa cha kupambana kwathu, ngakhale panalibe wodziwa bwino amene tinamugonjetsa.

A Kachitsa anadikira phokoso lithe. “Mfumu, nanga wakufa ndi mnansi wa yani?”

Mfumu inakanda pamimba, ikuganiza. A Mwandionera anati ayankhule, koma anatsamwa ndi kuyetsemula.

“Wakufa alibe mnansi,” inagamula mfumu. “Mukadzafa, madala, mudzatumize uthenga. Chitseko chidzabwera.”

“Zikomo, mfumu. Akadzachedwa otumidwa ndidzabwera ndekha.”

Chisanu chinafika ndi mphepo ya mwera, ndipo mwera unapeza khomo la a Kachitsa lili chitsegukire. Anadwala tonse tikuona. Tinkadutsa pakhomopo popita kumunda, pobwerera, ndi pamene tinalibe kopita, ndipo tinkauzana mmene afikira: lero akana phala, lero ayamba kuitana anzawo a kumgodi. Anamwalira m’mawa wina dzuwa litatuluka, mudzi uli mbuu pabwalo pawo, pakuti ku Pambalambanda kulibe njira ina yofera. Mawu awo omaliza tonse tinawamva.

“Ndakuyambirani, amayi.”

“Mwabera,” anatero Nangozo, n’kuwatseka maso. Kenako anayang’ana m’nyumba monse kufuna ngodya yoti atembenukireko, koma ngodya zonse zinkaoneka kuchokera panja.

Mfumu inasunga mawu ake, zimene zinatidabwitsa moti ena anati ikudwala. Chitseko chinabwera pangolo, a Mwandionera ali pambuyo pake ndi gulu la Amaso. Nduna inayankhula nthawi yaitali za chifundo cha mfumu, ikuyetsemula pakati pa mawu, maso ali pa matabwa. Kalipentala anachigoneka pansi pa mtengo, nachimasula, nakhoma bokosi. Linatuluka lokongola, lofiirira, lonunkhira nsatsi. A Kachitsa anakwanamo bwino, ndipo poti ukalamba unali utawafupikitsa, kumapazi kunatsala malo. Nangozo anapindamo jekete lija.

Tsono kumanda ndi kumene mtundu wathu unaonekera. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, ataika bokosi pambali pa dzenje kuti akhome chivundikiro, manong’onong’o anayamba. Wina anati mayi ake anapita m’mphasa. Wina anati mlongo wake anapita m’mphasa yobwereka. Nanga uyu ndi yani kuti apite ngati bwana? Kenako Jolamu, mwamuna wa Esitere, anaimirira n’kukweza mawu.

“Abale, lamulo likuti pasakhale chotseka. Chivundikirocho chikakhomedwa, tidziwa bwanji zimene akuchita m’menemo?”

Mungaganize kuti tinaseka. Sitinaseke. Tinagwedeza mitu, amuna aimvi, madikoni a mpingo, tonse. Funsolo linatimvekera lanzeru.

A Mwandionera nkhope yawo inawala. “Nzika iyi yayankhula mokhulupirika. Mfumu inalola bokosi, koma za chivundikiro sinanenepo. Chivundikiro chimatseka. Ndikuona kuti chibwerere ku boma.” Anali atayamba kale kuchiyeza ndi maso, ndipo ndikhulupirira kuti chikanakwana pawindo la chipinda chawo chija.

Mdzukulu amene anagwira hamala anaitsitsa. Nangozo anangokhala pansi, maso ali pa nkhope ya amuna awo imene dothi linali pafupi kuigwera.

Ndiye pakati pa amayi panaimirira Esitere. Anadutsa pakati pa amuna, zimene mayi sachita kumanda, nalanda hamala m’manja mwa mdzukulu.

“Esitere, khala pansi!” anakuwa Jolamu, dzanja litanyamuka.

“Bambo a Doviko, anthu akuona. Kandani m’mutu.”

Jolamu anayang’ana uku ndi uku, ndipo dzanja linapita pa dazi.

“Ine zitseko ndinazikana pamsika, ndipo mawa mukafunsanso ndidzazikananso,” anatero Esitere, akuyang’ana nduna. “Koma wakufa samenya munthu, bwana. Saba mbuzi, sabisa shuga. Mwamuonera chifuwa, mwamuonera phala, mwamuonera imfa. Chatsala n’chiyani choti muone? Mtsekereni.”

Anakoka chivundikiro yekha, nachiika pamalo pake, nakhoma msomali woyamba mokhota. Adzukulu, poona kuti mlandu wapeza kale mwini wake, anamulanda hamala n’kumaliza ina yonse mwaluso. A Mwandionera anatsegula pakamwa, koma anthu anali atayamba nyimbo, ndipo nduna siingamange nyimbo ya maliro.

Nyimbo itatha, asanatsitse bokosi, Nangozo anasendera pafupi. Anagwada, napinda chala, nagogoda pa mlombwa.

“Odi!”

Mawu amenewo anali asanamveke m’dziko lathu chiyambire lamulo. Ana anafunsa amayi awo tanthauzo lake. Amaso anayang’ana nduna, nduna inayang’ana m’kansalu kake kopukutira mphuno.

Nangozo anagogodanso. “Odi, a Kachitsa! Odi kuno!”

Tonse tinatchera makutu, monga mwa chizolowezi chathu. Kunali zii. Mkulu wa Amaso, yemwe uja anazula chitsekocho, anavula chipewa chake chofiira n’kuwerama.

“Sakuyankha, agogo.”

“Ndamva, mwanawe, sindine gonthi,” anatero Nangozo, akudzuka n’kusasa chitenje. “Asiyeni. Ali kwawo. Akafuna ayankha, akapanda kufuna sayankha. N’chimene anagulira matabwa.”

Tinawakwirira, tinasamba m’manja, tinabwerera kumudzi. Pobwererapo aliyense anayenda pang’onopang’ono podutsa pakhomo pa namfedwa, kuti tione ngati akulira, komanso kuti chipewa cha malemu apatsa yani.

Chiyambire maliro amenewo, nkhalamba zimene zinali ndi zitseko za matabwa zimatsokomola mwachiyembekezo. Enafe zathu zinali za bango, chiswe cha ku Khalanipansi chinadya kalekale, ndiye timangosamala mphasa kuti zisafupike. Mtendere ulipobe, ndipo palibe woposa mnzake, kupatula munthu mmodzi amene ali kumanda a Kaonereni. Amene sakukhulupirira abwere adzaone yekha. Angolowa, tili momwemo.